Mwana wanga akuti 52 − 27 = 35: ndigule tabuleti kapena ndithyole timitengo?

Mayi a Tadala (Area 25):
Mwaswera bwanji nonse. Aphunzitsi amene muli pagulu pano ndithandizeni. Mwana wanga ali Sitandade 3. Kuphatikiza amakhoza bwinobwino, koma kuchotsera kwamukanika. M'kope mwake ndapezamo 52 − 27 = 35, kenako 41 − 18 = 37, kwinaku 63 − 29 = 46, zonse zothethedwa. Bambo ake akuti tigule tabuleti ya ana tiikemo magemu a masamu. Ndisanavomere ndati ndifunse kaye, poti ndalama yake si yamasewera.

Madam Nabanda (Sitandade 2, Dedza):
Mayi a Tadala, mtima pansi. Mayankho atatuwo akundiuza kuti mwanayo mutu ukugwira. Taonani bwino. Pa 52 − 27 akuyang'ana 2 ndi 7, akuona kuti 2 kuchotsa 7 sizitheka, ndiye akungotembenuza: 7 kuchotsa 2, walemba 5. Kenako 5 kuchotsa 2, walemba 3. Basi 35. Enawo wachita chimodzimodzi. Ali ndi lamulo lakelake ndipo akulitsata mokhulupirika. Chomwe sanagwire n'chakuti 5 wa mu 52 uja ndi mateni asanu, ndipo teni imodzi itha kumasulidwa n'kukhala mawani khumi.

Musanagule kanthu chitani izi. Thyolani timitengo, kaya a tsache kaya a machesi, mumange mitolo ya khumikhumi ndi labala kapena luzi. Amange yekha mwanayo uku akuwerenga. Muuzeni ayale 52, ndiye kuti mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera. Kenako munene kuti "ndipatse 27". Apereka mitolo iwiri mosavuta, kenako aima, chifukwa tapadera tilipo tiwiri tokha pomwe inu mukufuna 7. Pamenepo musamuuze chochita, ngakhale pakamwa pakuyabweni. Ana ambiri amafunsa okha kuti "ndimasule mtolo umodzi?" Akamasula, tapadera takwana 12, achotsapo 7, tatsala 5, mitolo yatsala iwiri. Ndi 25 ameneyo. Kubwereka komwe timanena m'kalasi kuja ndi kumeneku.

Mayi a Tadala:
Eee, ndiye kuti sankangolotatu? Ine ndimati akulemba za m'mutu mwake. Zikomo Madam, ndiyesa madzulo ano.

Ahedi opuma (Ntcheu):
Madam mwafotokoza bwino, sindikutsutsa. Koma ndiloleni ndinene zomwe maso anga aona zaka zonse ndinali pantchito. Timitengo ndi timiyala izi sizachilendo. Vuto lake ana sazisiya. Ndinkalowa mu Sitandade 7 n'kupeza mwana wamkulu ndithu, wayamba kale ndevu, akulemba timizere kuseri kwa kope kuti apeze 8 × 7. Timizere 56, n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi, pakati n'kusokonezeka, n'kuyambiranso. Mwana wotere pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 nthawi imamuthera asanafike pakati pa pepala. Ife tinkaloweza mathebulo m'mawa uliwonse tisanalowe m'kalasi, mpaka lero mutandidzutsa pakati pa usiku 9 × 8 ndikuuzani.

Bambo a Yamikani (golosale, Mchesi):
Ahedi, kuloweza kwanu kuja kunali ndi mkwapulo pambali, musabise 😂

Ahedi opuma:
Mkwapulo unalipo, sindikana, ndipo sindikuupempha kuti ubwerere. Ndikunena za kuloweza.

Madam Nabanda:
Ahedi, mwana wa timizere 56 uja ndimamudziwa, ali m'sukulu iliyonse. Koma amene anamulakwira si timitengo. Anamusiya panjira. Masitepe ake ndi atatu: choyamba agwire chinthu ndi manja, chachiwiri ajambule zomwe wagwirazo, chachitatu alembe manambala okha. Katswiri wina wa ku America, Jerome Bruner, anazifotokoza kale m'zaka za m'ma 1960, ndipo ku Singapore anamangirapo kaphunzitsidwe kawo ka masamu. Ife kuno nthawi zambiri timachita sitepe yoyamba sabata imodzi, mwina chifukwa a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulaimale, akubwera, kenako timalumphira pa yachitatu. Kapena timakhazikika pa kuwerenga kamodzikamodzi osamuonetsa mwana kuika zinthu m'magulu.

Mwana yemweyo mutamuyalitsa zitsekerero za mabotolo m'mizere 7, mzere uliwonse zitsekerero 8, n'kumufunsa kuti mizere isanu yoyamba ndi zingati, anena 40. Iwiri yotsalayo 16. Pamodzi 56. Mukamuuza kuti azungulire ayang'ane chakumbali, aona kuti 7 × 8 ndi 8 × 7 n'chimodzimodzi, ndiye zoloweza zachepa pafupifupi ndi theka. Akatero alowezeno. Kuloweza sindikudana nako, koma kubwere pambuyo, kuti akaiwala akhale ndi pogwira.

Ahedi opuma:
M'kalasi mwanu muli ana angati, Madam?

Madam Nabanda:
Opitirira 100, Ahedi. Ndadziwa komwe mukulowera.

Ahedi opuma:
Ndiye zitsekerero 56 mwana aliyense muzitenga kuti? Ndipo zikayamba kuuluka m'kalasimo?

Madam Nabanda:
Zimauluka ndithu, makamaka masiku oyamba. Chomwe ndimachita, sindigawa kwa mwana aliyense. Amakhala m'magulu, gulu lililonse lili ndi kathumba kake kosokedwa ndi nsalu yotsala kwa atelala, ndi mtsogoleri amene amawerenga zinthu potenga ndi pobweza. Kuwerenga kobwezako nakonso ndi masamu. Timitengo amabwera nato okha kuchokera kunyumba. Za TALULAR zimene a Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi akhala akulimbikitsa, zoti tiziphunzitsira zinthu zopezeka pamalo pomwe tili, tonse tinaziphunzira ku TTC, kukoleji ya aphunzitsi. Kungoti ambiri timapanga zinthu zokongola zokhoma pakhoma, abakasi ya waya yopakidwa penti, mwana osaloledwa kuikhudza kuopa kuti iwonongeka. Chinthu chimene mwana sakuchigwira sichikumuphunzitsa kanthu.

Sala Mbewe (Sitandade 1):
Ndalowa mochedwa, ndinali ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni yathu timakumanirako. Ndiyankhepo za tabuleti poti sukulu yathu ili m'gulu la zomwe zinalandira za BEFIT. Kwa amene simukudziwa, ndi pulogalamu ya Unduna wa Maphunziro yomwe inayamba mu 2023 ndi sukulu 500, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Cholinga n'choti ifike m'sukulu zonse za boma za pulaimale, ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amatchajidwa ndi sola, sasowa intaneti, ndipo mwana amavala mahedifoni n'kumamva malangizo m'Chichewa.

Zomwe tabuleti imandiposa ine ndi ziwiri. Choyamba, mwana akalakwa imamuuza nthawi yomweyo. Ine makope a kalasi yonse ndimachonga mawa lake, mwana ataiwala kale zomwe ankaganiza polemba. Mwana wa Mayi a Tadala wabwereza cholakwa chimodzi katatu asanauzidwe, pa tabuleti akanaimitsidwa pa samu yoyamba. Chachiwiri, aliyense amayenda pa liwiro lake. Pali ana ena amanyazi amene chaka chonse sangakweze mkono, koma pa tabuleti umawaona akumwetulira okha.

Ndipo sizinayambe dzulo. Anayamba kuyesa mu 2013 pa sukulu ina ku Lilongwe, ofufuza a University of Nottingham n'kuyerekeza ana omwe anagwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu ya pa tabuleti kwa masabata 8 ndi anzawo omwe ankaphunzira mwa masiku onse. A matabuleti anapita patsogolo kwambiri. Mu 2019 a onebillion omwewo anali m'modzi mwa awiri omwe anapambana mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsira ana pa tabuleti wotchedwa Global Learning XPRIZE, womwe anauyesera m'midzi ya ku Tanzania.

Mayi a Tadala:
Ndiye kuti bambo ake akunena zoona, tigule?

Achimwene a IT (Blantyre):
Dikirani kaye asisi. Zomwe akunena a Sala ndi pulogalamu yokonzedwa motsata silabasi, tabuleti yake yokhoma moti mwana sangatulukemo kupita kwina, ndiponso pali mphunzitsi akuyang'anira. Tabuleti yogula m'tauni ndi nkhani ina. Magemu ambiri aulere a pa Play Store ndi ongofunsa mafunso: 7 + 5, sankha yankho, nyenyezi ziwale. Mwana amene sanamvetse kubwereka sangakuphunzire pamenepo, angophunzira kudina mpaka nyenyezi zituluke. Pakati pake zotsatsa malonda zikungotulukira, bandulo ikutha. Mukangotembenuka ali pa YouTube.

Ndikukumbutseninso za One Laptop per Child. Dziko la Peru linagula malaputopu ochuluka zedi n'kugawa m'sukulu za kumidzi. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank yemwe anatuluka mu 2012 anapeza kuti ana anaphunzira kugwiritsa ntchito makinawo, koma masamu ndi kuwerenga sizinasinthe. Makina anafika, koma munalibe chowatsogolera pa phunziro lenileni.

Ngati m'nyumbamo muli kale foni ya Android, yambani ndi imeneyo. Sankhani pulogalamu imodzi yogwira popanda intaneti, muiyese nokha kaye, muone ngati mwana akalakwa imamuonetsa chifukwa chake kapena imangolira. Mu settings muli screen pinning, imakhoma foni pa pulogalamu imodzi. Mphindi 20 zakwana, inu muli pompo.

Sala Mbewe:
Apo ndikugwirizana nanu achimwene. Ndiwonjezere chimodzi chomwe ndaona. Pali ana amene pa tabuleti amakoka timipira khumi kuika m'bokosi mosaphonya, koma ukawapatsa choko kuti alembe samu yomweyo pa bolodi, amangokuyang'ana. Ndiye tsiku lomwe agwira matabuleti ndimayesetsa kuti phunziro la m'kalasi likhudze zomwezo, ndi zitsekerero ndi kope. Apo ayi mwana amaona ngati masamu a pa tabuleti ndi ena, a m'kope ndi enanso.

Anaphiri (Leeds):
Moni kumudzi. Ndikuwerenga ndili pa break ya night shift. Ahedi mukondwa kumva izi: kuno ku England ana a Year 4, azaka 8 kapena 9, amalemba mayeso a boma a mathebulo pa kompyuta kapena tabuleti. Mafunso 25, funso lililonse masekondi 6, mpaka 12 × 12. Anawakhazikitsa kuti akhale okakamiza mu 2022. Ndiye kuloweza sikunathe ngakhale kuno.

Koma Madam nanunso mukondwa. Mwana wanga asanafike pamenepo wakhala zaka akugwira zinthu. Ali ndi timapulasitiki tamabowo totchedwa Numicon, ndi timatabwa tamitundumitundu ta Cuisenaire, tomwe anayambitsa mphunzitsi wa ku Belgium. Tsiku lina aphunzitsi ake anandionetsa ma Dienes blocks, kandodo kamodzi kakuimira teni, timabokosi ting'onoting'ono mawani. Ndinaseka ndekha, chifukwa ndi mitolo yomwe ija tinkamanga ndi mapesi ku Kasungu, kungoti iyi ndi ya pulasitiki ndipo ndi yodula. Ndinafuna kugula kuti nditumize kwa ana a mchemwali wanga, koma nditaona mtengo ndinangowatumizira ya makope ndi mapensulo.

Madam Nabanda:
Munachita bwino Anaphiri. Komanso mtolo wa timitengo uli ndi mwayi umodzi: umamasuka m'manja mwa mwana. Kandodo ka pulasitiki sikathyoka, amachita kukasinthanitsa ndi timabokosi khumi. Kwa woyamba kumene, kumasula kumamveka msanga kuposa kusinthanitsa.

Amake Dalitso (Chipata):
Muli bwanji a ku Malawi. Ine funso langa ndi la masewera. Kuno ana amasewera chiyato ndi nsolo, kwanuko bawo. Anthu amakonda kunena kuti mwana wodziwa nsolo amakhoza masamu. Ndi zoona kapena timangodzisangalatsa?

Bambo a Yamikani:
Zoona zimenezo amayi! Pakhonde la golosale yanga pamakhala bawo tsiku lonse. Mabowo 32, nkhomo 64, ndipo pali madala ena amene sanapite patali ndi sukulu koma asanagwire nkhomo amadziwiratu kuti dzanja likathera bowo liti, atazungulira kawiri. Si masamu amenewo?

Ahedi opuma:
Ndi masamu, koma madala omwewo apatseni long division muone. Ndakhala ndi anyamata akatswiri a bawo amene masamu a m'kalasi ankalephera, ndi atsikana amene sanagwirepo nkhomo koma ankakhoza bwino. Bawo imaphunzitsa kuwerengera patsogolo ndi kudekha. Siphunzitsa mateni ndi mawani.

Madam Nabanda:
Apa Ahedi ndili nanu. Masewera paokha sasamukira m'kope. Amasamuka wamkulu akafunsa funso. Pa chiyato, Amake Dalitso, mwana akatulutsa miyala 12 n'kumabweza iwiriiwiri, mufunseni kuti abweza kangati kuti ithe. Nanga itatuitatu? Nanga isanuisanu, itsala ingati? Kumeneko ndi kugawa, ndi zotsala zomwe. Kenako alembe pansi ndi chala 12 ÷ 5. Koma musachite kufunsa mpaka masewera asanduke kalasi, angakuthaweni.

Amake Dalitso:
Kikiki andithawa kale, akuti amama mumasokoneza. Ndizifunsa akamaliza.

Bambo a Yamikani:
Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimandidabwitsa. Ana omwe amatumidwa pagolosale panga chenje saphonya. Kamwana ka Sitandade 2 kabwera ndi K1000, kagula za K650, ukakapatsa K300 kamaima pompo mpaka K50 ituluke. Kameneko ukakalembera 1000 − 650 papepala, kayamba kuluma pensulo.

Sala Mbewe:
Chifukwa pagolosale sikachotsera, kamawerenga chokwera: 650, kuika 50 ndi 700, kuika 300 ndi 1000. Njira yabwino kwambiri, ndipo ndi yomwe inunso mumagwiritsa ntchito popereka chenje. Ife kusukulu sitiilemekeza, timafuna zoyala m'mizere basi. Ndimadula timapepala n'kulemba K10, K100, K1000, kumbuyo kwa kalasi kumakhala kagolosale ka mapaketi opanda kanthu a sopo ndi machesi. Kusintha K1000 kukhala ma K100 khumi ndi kumasula mtolo komwe kuja. Koma ndalama zibwere mwana atazolowera mitolo, chifukwa pa mtolo khumi akuliona ndi maso, pomwe pa pepala la K100 akungokhulupirira zolembedwa.

Nasibeko (namwino, Zomba):
Pepani ndidule pang'ono. Amene muli ndi ana osakwana zaka zitatu pakhomo samalani ndi nyemba, chimanga ndi mikanda. Timalandira ana atazilowetsa m'mphuno ndi m'khutu, ena kutsamwa nazo. Nyemba ikalowa m'mphuno imafufuma ndi chinyezi, ndiye musamatokose ndi kamtengo, thamangirani kuchipatala. Mkulu wake akamawerengera, gwiritsani zinthu zazikulu ngati zitsononkho, ndipo mukamaliza sungani patali.

Mayi a Tadala:
Ndabweranso. Tayesa dzulo ndi lero. Ndi timitengo wapeza 25, ndipo anamasula mtolo yekha ngati momwe munanenera Madam, ine mpaka kuwomba m'manja. 41 − 18 wapeza 23. Koma nditachotsa timitengo n'kumupatsa kope kuti akonze, walembanso 35! Ndamufunsa kuti nanga 25 uja? Akuti "uja ndi wa timitengo, uyu ndi wa kusukulu." Ndatha mphamvu.

Ahedi opuma:
Mwamva Madam? Ndi zomwe ndimanena zija.

Madam Nabanda:
Ndamva Ahedi, ndipo yankho la mwanayo ndilisunga ndikawauze anzanga ku zoni, chifukwa watchula vuto lonse. Ndi zomwenso amanena a Sala za tabuleti ndi bolodi. Mayi a Tadala, musachotse timitengo n'kubweretsa kope. Ziwirizo zikhale pamphasa limodzi, nthawi imodzi. Lembani mzere pakati pa pepala, kumanzere T wa mateni, kumanja O wa mawani. Mitolo ikhale kumanzere, tapadera kumanja. Chilichonse chimene dzanja lachita pa timitengo, pensulo ichite nthawi yomweyo. Wamasula mtolo? Aime. Mitolo yatsala ingati? Inayi. Athethe 5 alembe 4. Tapadera takwana tingati? 12. Alembe ka 1 pambali pa 2. Kenako achotse 7, alembe 5. Achotse mitolo iwiri, alembe 2. Pa njira yolembayi ayambe ndi mawani, kuti zifanane ndi momwe akuchitira kusukulu.

Ndipo azilankhula. Anene ndi pakamwa pake kuti "ndamasula teni imodzi, mateni atsala anayi, mawani akwana 12." Mwana amene sangathe kunena zomwe wachita ndiye kuti manja okha ndi amene agwira ntchito.

Akazolowera, timitengo tikhale poteropo koma asatigwire, azijambula: kabokosi kuimira mtolo, kadontho kuimira kamtengo. Zikatero mudzaona yekha akusiya kujambula chifukwa kukumuchedwetsa. Musathamange. Masamu atatu patsiku akwana, osati tsamba lonse. Mumusakanizireko ena osafuna kubwereka, monga 58 − 23, chifukwa ena akaphunzira kubwereka amabwereka paliponse. Za ziro, monga 60 − 24 kapena 103 − 58, zidikire kaye.

Pomaliza mufunseni funso ili: 35 ndi 25 onse angakhale olondola? Atenge 35 aphatikize ndi 27 aone ngati abwerera pa 52. Poti kuphatikiza amakhoza, adzigwira yekha.

Ahedi opuma:
Kuyesa yankho pophatikiza, apo ndiye mwanena za nzeru. Tinkawauza ana a Sitandade 8 chaka chilichonse, ochepa ankamva. Akayamba ali Sitandade 3 chikhala chizolowezi. Koma Mayi a Tadala, ma 12 − 7, 13 − 8, 15 − 9 awa aziwadziwa pamtima pofika kumapeto kwa chaka. Muzimufunsa popita kuchigayo, popita kutchalitchi. Pamenepo Madam musanditsutse.

Madam Nabanda:
Sinditsutsa Ahedi. Bola mkwapulo utsale ku Ntcheu.

Achimwene a IT:
Ndipo pa zoloweza zimenezo ndi pomwe foni imathandiza zenizeni, chifukwa kubwerezabwereza siitopa nako. Atamvetsa kaye. Kwa amene muli ndi ana a kusekondale, pulogalamu ya masamu ya GeoGebra ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti mukaikopera. Mwana amakoka ngodya ya thirayango ndi chala n'kumaona kuti madigiri akusintha koma onse pamodzi akukhalabe 180. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mayi a Tadala:
Bambo ake ndawawerengera zonse. Akuti tabuleti idikire, koma foni yawo sapereka, ndiye ikhala yangayi. Achimwene a IT ndikupezani ku inbox za screen pinning.

Mayi Nachisale (komiti ya sukulu):
Ine ndakhala ndikungowerenga. Sabata yamawa tili ndi msonkhano wa makolo ndipo ndikufuna ndikapemphe kuti tisonkhanitse zitsekerero za makalasi a Sitandade 1 ndi 2. Madam, zofunika zingati, ndipo zamtundu wanji?

Madam Nabanda:
Gulu lililonse likhale ndi 100, kuti athe kuyala mizere khumi ya khumikhumi. Zikhale za mitundu iwiri ngati n'kotheka, kuti 7 + 5 aziona zofiira 7 ndi zobiriwira 5. Muwapemphenso a mother group asoke timatumba, apo ayi pofika Lachisanu theka lapita kokasewerera.

Bambo a Yamikani:
Mayi Nachisale, za pulasitiki ndi zomwe mutenge, za mabotolo a madzi ndi a Sobo. Zachitsulo za Fanta zimachita dzimbiri nthawi ya mvula ndipo m'mphepete mwake mumacheka. Ndiika katoni pakhomo pa golosale kuyambira mawa, ndiuzanso anzanga awiri a mabotolo sitolo. Mudzazitsuke ndi sopo musanapereke kwa ana. Amene ali pafupi ndi Mchesi adzatenge Loweruka masana, m'mawa ndimakhala kooda katundu.